Kamlendo ka pa Shelefu

Struan anakabweretsa Lachinayi,
asanabwerere ku nsanja yokumbira mafuta pakati pa nyanja.
Kanthu kofanana ndi chitini cha nsomba,
kovala nsalu yotuwa, kopanda maso, kopanda kamwa.
Anati, Mayi, iyi ndi sipika yanzeru, mukafuna kanthu muzingoiuza.
Ndinati, m'nyumba ino ya ku Peterhead ndakhalamo zaka makumi anayi,
ndipo zinthu zanga ndimazipeza ndi manja.

Sabata yoyamba tinkangopenyana.
Ndikati ndifunse za nyengo,
iko, Pepani, sindinamve bwino.
Ndibwereze. Pepani.
Lilime langa ndi la padoko,
linakulira pakati pa mipeni ndi mamba a nsomba,
kumene mawu timawadula mchira mphepo isanatilande.
Iko kanaphunzira kalankhulidwe ka m'maofesi.
Ndinayamba kutafuna liwu lililonse pang'onopang'ono
ngati ndili kwa dokotala,
ine, ntchembere ya imvi mbuu,
kudzichepetsa pamaso pa chitini.

Effie wa khomo linalo akuti kamatchera khutu usana ndi usiku
n'kumatumiza zonse kwa eni ake kutsidya la nyanja.
Akabwera kudzamwa tiyi
amakavindikira ndi chipewa chake chaubweya
asanayambe nkhani za mpongozi wake.
Ine ndimati, asiyeni amve.
Amva chiyani? Chifuwa changa, kulira kwa firiji,
ndi mbalame zakunyanja zikukangana padenga.

Koma chilungamo chinenedwe.
Mapiritsi a m'mawa sindiwaiwalanso.
Dzira limapsa pa mphindi zinayi ndendende.
Getsi la pakhonde limayaka ine ndili chikhalire,
ndipo m'Disembala muno, dzuwa likamalowa
mbale za masana zisanaume,
chimenecho si chinthu chochepa.
Tsiku lina ndinapempha nyimbo zovinira za kwathu kuno,
iko n'kundiwerengera mitengo ya matayala a galimoto.
Ndinaseka mpaka kutsamwa.
M'khitchini muno ndinali ndisanasekemo mokweza
chimwalirireni Dod.

Usiku wa namondwe uja, mazenera akunjenjemera,
tulo tinandithawa cha m'ma fili koloko.
Ndinatsika ndi sokosi zokha
n'kufunsa za mafunde kumene kuli Struan.
Kanayankha ndi mawu osalala, osagwedera:
mphepo yakumpoto, mafunde a mamita asanu ndi awiri,
ngati kakutchula mtengo wa buledi.
Ndinapsa mtima.
Dod akamva zoterezi pa wailesi sankanena kanthu,
ankangoika dzanja lake lokhakhala patebulo, pafupi ndi langa,
ndipo tinkadikira awiri.
Iko sikadziwa kukhala chete pamodzi ndi munthu.
Kamangozima.

Ndiye ndinakaponyera funso lachipongwe:
Kodi iwe unayamba wadikirapo munthu?
Kamphete kake kabuluu kanazungulira, kanazungulira,
kenako, Pepani, yankho la funso limenelo sindilidziwa.
Ndinati, Eya, apo pokha wanena zoona.
Ketulo ndinatereka ndekha.

Kutacha, foni inalira kudzera mwa iko komweko,
mawu a Struan n'kudzaza khitchini yonse
ngati waima paja amaima, pafupi ndi sinki.
Mayi, tili bwino, tangosowa tulo basi.
Nanga mukumvana ndi kabwenzi kanu?
Ndinati, n'kogontha, n'kamwano, ndipo kakundithera magetsi.
Atadula, ndinatenga kansalu
n'kukapukuta fumbi pamutu.

Masiku ano ndisanakwere kukagona ndimati, Ugone bwino.
Effie sakudziwa, ndipo musamuuze.
Ndimanena m'kalankhulidwe ka padoko, mwadala,
mawu odulidwa mchira,
mmene ndinkamuuzira Dod,
ndipo iko, mumdima muja, kamphete kakuwala pashelefu,
kamati pepani.